Chitsulo cha Agogo Anu ndi Mabomba a ku Pedirera

Senderani kuno, ana inu, koma manja asaime. Mbatatesi zazikulu muziponya m'thumbamu, zazing'ono zambewu pachitenje chayalidwacho, zoola ndi za nkhumba. Iwe Tereza, imeneyo si yambewu, taona mmene yabooledwa ndi mbozi. Kuyambira dzana mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene agogo anu aakazi, munthu woyenda ndi ndodo, amanyamukira Lachiwiri ndi Lachisanu kupita ku kapela ndi ziparafuzu ziwiri, mabawuti aakulu achitsulo aja, m'kathumba. Mayi anu ku Dedza anakuuzani kuti amakachenjeza anthu za mabomba a ku pedirera, kuja amaswa miyala kuja. N'zoona, koma anadumpha pakati pa nkhani, chifukwa pakatipo pali manyazi anga ndipo mayi anuwo, Rozina, ndi mwana waulemu. Lero ndi Lachisanu, dzuwa likafika paliwombo mumva nokha, ndiye ndifulumire.

Chitsulo chija mwachiona chitapachikidwa pa bulugamu kumaso kwa kapela ndi janti ya kamiyau. Inu a ku Malawi mumati limu ya lole, paja kwanuko chilichonse mumachitchula m'Chingerezi chopindika. Belu lenileni lili ku mishoni ku Lifidzi, ife a kumidzi tinangopatsidwa jantiyo. Ndinayamba kuiimba ndili mkamwini watsopano, chifukwa apongozi anga anaona kuti khasu sindilitha kwenikweni koma phokoso ndimalitha. Kaimbidwe kanalipo katatu, ndipo mwana aliyense wa m'mudzi muno ankakadziwa asanadziwe kuwerenga. Ka mapemphero n'kolingana, ngati munthu akuyenda wosathamangira. Ka maliro umamenya kamodzi, n'kudikira mpaka kulira kwa chitsulo kuzilale, ndiye n'kumenyanso kamodzi. Kachitatu n'kogogoda kosalekeza, ndipo tanthauzo lake n'lakuti siya zonse, thawa.

Kachitatuko ndinakaimba kamodzi kokha m'moyo wanga. Inali nthawi ya nkhondo, nyengo yokolola nyemba. Mlamu wanga Fabiyau, mlongo wawo wa agogo anu, anakweza nyemba pangolo kupita nazo kumsika, ndipo ng'ombe zake zinaponda bomba lokwirira mumsewu, kumunsi kwa mlatho, iye n'kufera pomwepo. Agogo anu anali kudimba, mayi anu ali kumsana, ndipo fumbi lake analiona ndi maso awo. Ine nditamva kuphulikako ndi mfuti zimene zinatsatira, ndinathamangira chitsulo n'kuchigogoda mpaka mkono unachita dzanzi. Pobwerera kunyumba ndinapeza atamanga kale phukusi: poto mmodzi, mchere, ufa pang'ono, korona ndi makadi a ubatizo. Sitinadzere pachipata cha malire cha Kalomwe pamene inu mumadutsa mukudya mandasi, chifukwa msewu unali utasanduka mdani. Tinadzera m'mapiri, tikutafuna misinde ya m'minda ya eni ake, mpaka tinatulukira ku Dedza mapazi atang'ambika.

Kumeneko tinakhala zaka, mayi anu n'kukulira konko, ndiye chifukwa chake inu muli a ku Malawi ndipo mumaseka tikamati sikola. Ife titabwerera tinapeza nyumba ilibe denga, koma janti ija ili pomwepo, waya wake utalowa m'khungwa la mtengo. Tinalimanso, tinabzala mapichesi awa, ndinagula ngolo n'kumatengera mbatatesi ku Domwe. Za Fabiyau agogo anu sanazitchulenso, ndipo ine ndinayesa kuti zinapola.

Apa ndikuuzeni chinthu chimene simuchiganizira mukamandiona ndikulamula pakhomo pano. Munda uwu, dimba, malo a nyumba, zonsezi ndi za kwawo kwa agogo anu aakazi, a Nambewe. Ine kwathu ndi ku Domwe, kumene ondidziwa ambiri anagona kale. Imvi zonsezi, ndikadali mkamwini. Musaseke, inu anyamata, zikukudikirani.

Ndiye kunabwera anthu odzadula phiri la kuseri kwa dambo, kuti apeze miyala yokonzera msewu. Poyamba tinakondwa, chifukwa msewu umenewo unandithyolera magudumu a ngolo osawerengeka. Makina ophwanya miyala atayamba kubangula tinadandaula pang'ono n'kuzolowera. Koma tsiku lina masana ndili kukhola, nthaka inagwedezeka pansi pa mapazi anga, kenaka mkokomo unafika ngati wandimenya pachifuwa. Malata analira, mbale zachitsulo zinagwa pathandala, nkhuku zinabalalika. Palibe anatiuza kuti kuphulika kanthu. Ndinathamangira m'nyumba ndipo sindinawapeze agogo anu. Ndodo yawo inali pakhonde.

Ndinakawapeza kutali, panjira yokwera mapiri, njira yomwe ija tinathawira. Anali opanda nsapato, phukusi lili pamutu, akuyenda ngati mtsikana. Nditawagwira dzanja anandiyang'ana kumbuyo kwanga n'kundifunsa kuti, "Rozina ali kuti? Mwamusiya mwana?" Rozina amene panthawiyo anali mayi wa ana asanu kutsidya kwa malire. Ana inu, ndinalira panjira pomwepo, mwamuna wamkulu, osabisa.

Nzeru zinabwerera tikutsika phiri, ndipo anachita manyazi, koma phukusi sanamasule. Analiika kuseri kwa chitseko. Mabomba aja ankabwera mmene afunira, lero m'mawa, mawa madzulo, kenaka sabata yathunthu zii, mpaka munthu uyambe kuiwala, ndiye n'kuphulikanso. Agogo anu anasiya kupita kudimba. Chakudya ankangochilawa, tsiku lonse ali pakhonde maso ali kuphiri, mapewa atawakweza ngati akudikira kumenyedwa. Nkhuku ikangogwetsa chidebe, mtima wawo unali m'mwamba. Kuchipatala anati magazi akuthamanga kwambiri, anatipatsa mapiritsi, n'kutiuza mosabisa kuti piritsi la mantha alibe.

Mayi anu atamva anabwera, anawayang'ana mayi awo kamodzi kokha, n'kundiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anati akuwatenga kupita nawo ku Dedza. Ndikanakana bwanji? Munthu anali akutha ndikuona. Koma ndinadziwa kuti akawoloka kachiwiri sadzabweranso, ndipo ine sindikanatsala ndekha pamudzi wa eni ake, kapena kukakhala kuchipinda cha alendo kwa mkamwini wanga, ine mwini ndili mkamwini. Komanso ndinene zoona, zaka zonsezi sindinadziwe tsiku lopanda mawu awo ondidzudzula, ndipo sindinkafuna kulidziwa. Ndinamupempha Rozina kuti adikire mpaka tikumbe mbatatesi. Anavomera nkhope ili yakugwa, n'kunena kuti tikangokumba abwera ndi galimoto.

Odandaula sitinali tokha. Ena makoma anang'ambika, ena ankati nkhuku zasiya kuswa mazira, aphunzitsi ankati ana akumabisala pansi pa mabenchi. Pamapeto pake a ku pedirera anaitanitsa reuniyau, msonkhano wa mudzi wonse, pabwalo la sikola, n'kutumiza enjinyera wawo, mayi wachitsikana wa ku Tete, Dona Selesite. Anthu anamukalipira mpaka ndinamumvera chisoni. Iye ankangoti makina ake oyezera akusonyeza kuti kugwedezeka sikunapyole muyezo. Mukudziwa kuti agogo anune mtima wanga ndi wapachala. Ndinaimirira n'kumuuza kuti, "Mayi, mabingu a dzinja ndi aakulu kuposa mabomba anu, koma palibe amathawa, chifukwa mitambo imayamba yatiuza. Inu mumangotulukira ngati nkhondo. Ife kuno phokoso limenelo tinalimvapo, ndipo tinaika anthu m'manda."  Mtsikanayo anabadwa nkhondo itatha, ndipo ndinaona pankhope pake kuti zimenezi m'mapepala ake munalibe.

M'mawa mwake anabwera pakhomo pano yekha. Anaika kabokosi kake koyezera pakhonde, koma nthawi yambiri anaithera atakhala pamphasa ndi agogo anu, akumvetsera. Ine ndinamuonetsa makina anga, beseni la madzi limene ndinkaliika pansi n'kumaona mmene madzi akuchitira mizere. Anaseka, koma analemba. Ndinamuuzanso kuti masiku a nkhungu, mitambo ikatsika n'kuphimba phiri, mkokomo umafika kuno wolemera kwambiri kuposa masiku owala. Anati zimenezo anaziphunzira kusikola yaikulu, ndipo anadabwa kuti ndazidziwa bwanji. Ndinati makutu ndili nawo awiri, ngakhale limodzi latopa.

Sizinasinthe tsiku limodzi, anakangana kaye ndi mashefe ake, mabwana a ku pedirera. Koma patapita masabata anabwera ndi mawu. Aziphulitsa Lachiwiri ndi Lachisanu basi, dzuwa lili paliwombo. Onga aziugawa m'mabowo ang'onoang'ono ophulika motsatizana, m'malo mwa chimkokomo chimodzi, ndipo pamwamba aziphimba ndi dothi ndi matayala akale. Kukakhala nkhungu azidikira. Anaunjika chimulu cha dothi pakati pa makina awo ndi mudzi, chija mwachiona chamera udzu chija, ndipo Lamulungu makina azipuma. Chinatsala ndi chenjezo. Sirene yolira pochenjeza anthu anali nayo, koma mphepo ya kuno imaitengera ku Malawi, m'mudzi muno sinkamveka. Ndiye anandifunsa ngati ndingamaimbe chitsulo cha pa kapela iye akandiimbira telefoni. Ndinavomera asanamalize kufunsa. Ndinayenda chifuwa chili patsogolo sabata yonse, ndipo Lamulungu zinalengezedwa m'kapela.

Tsopano tafika pamene mayi anu anadumpha. Lachiwiri loyamba telefoni inalira, ine ndili kale pansi pa bulugamu, parafuzu ili m'manja. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti sindinaganize kaimbidwe kake. Ndikaimba ka mapemphero, anthu abwera ku kapela, kumene kuli kufupi ndi phiri. Ndikaimba kachitatu kaja, ndiye kuti agogo anu ndawapha ndi dzanja langa. Ndinadziuza kuti ndingoimba pang'onopang'ono, mofatsa, kuti asadzidzimuke. Ndinamenya kamodzi, n'kudikira. Ndinamenyanso kamodzi, n'kudikira. Mumtima ndikudziyamikira kuti koma ndiye ndine munthu woganizira mkazi wake.

Eya, Tereza wazindikira kale, taonani wagwira pakamwa. Chilengezo cha Lamulungu limodzi sichingafafanize zimene makutu akhala akumvera moyo wonse. Mudzi wonse unkadziwa kuti a Nambewe akudwala, ndipo woimba chitsulo ndi mwamuna wawo. Azimayi anataya makasu m'madimba. A Nachisale, aja a mawu aakulu oyandikana nafe aja, anayambitsa maliro ali kutsidya kwa dambo, ena n'kumalandira. Adzukulu, sindikunena inu, ndikunena okumba manda, anayamba kufunsana za makasu. Ine ndinaona azimayi aja akudutsa kumunsi manja ali kumutu, akulowera kwathu, ndipo ndinayesa kuti kwachitikadi kanthu ine ndili kuno. Ndinawatsatira ndikuthamanga.

Anawapeza agogo anu ali pakhonde, lichero lili pamiyendo, akusankha nyemba. Olira a patsogolo anaima, a m'mbuyo akadalirabe. Agogo anu anawayang'ana n'kufunsa kuti, "Wamwalira ndani?" A Nachisale, misozi ili m'masaya, anayankha kuti, "Inuyo, mayi."

Nthawi yomweyo kuphiri kunaphulika. Sikunali kumenya pachifuwa kuja, kunangomveka du-du-du-du ngati ngolo ikudutsa pamlatho wamatabwa. Ine maso anga anali pa iwo. Mapewa ananjenjemera, nyemba zingapo zinagwa, anayang'ana kuphiri, kenaka maso aja anabwerera n'kundipeza ine ndili kumbuyo kwa azimayi, parafuzu ili m'manja. Mantha analibe malo, mkwiyo unali utadzaza ponse. Anati, "Bambo a Rozina, zaka zonsezi ndakhala ndikukuphikirani, lero mwandiika m'manda ndili maso? Bweretsani kuno chinthucho, simuchitha."

Azimayi aja anaseka mpaka ena kukhala pansi, ndipo mpaka lero akandiona amandifunsa kuti maliro aja tiika liti. Ine ndinapereka parafuzu pamaso pa mudzi wonse, manyazi atandigwira mpaka kumapazi. Koma ndinaona chimene ena sanachione, kuti bomba laphulika ndipo munthu wanga akadali pakhonde.

Inu munabadwa chigayo chili paliponse, simudziwa mmene mudzi unkamvekera m'mawa. Kale azimayi ankasinja awiriawiri mumtondo umodzi, musi uwu ukukwera uwu ukutsika, gu-gu, gu-gu, osagundana, ndipo munthu wochokera kuulendo ankamva ali kutali n'kudziwa kuti kwawo kuli bwino. Agogo anu anali katswiri, ankaponya musi m'mwamba n'kuomba m'manja asanauwakhe. Ndinawaonera pamtondo pomwepo ine ndisanawafunsire, koma imeneyo ndi nkhani ya akuluakulu. Madzulo a tsiku la maliro abodza aja anandiuza kuti aziimba kaimbidwe ka kusinja, chifukwa palibe munthu anathawapo kapena kulira atamva misi. Dona Selesite atamva za maliro aja anaseka mpaka misozi, ndipo anawabweretsera parafuzu yachiwiri kuti misi ikwane iwiri. Agogo anu anawonjeza lamulo lawo: telefoni izikhala yotsegula pamene akuimba, ndipo kuphiri asayatse kanthu mpaka iwo atanena.

Lachisanu lotsatira ndinawaperekeza. Pofika pa bulugamu anaima n'kuyang'ana kuphiri mwamantha, moti ndinafuna kunena kuti tibwerere. Telefoni inalira. Anayamba mofooka, kenaka manja anakumbukira okha, ngwe-ngwe, ngwe-ngwe, ndipo ndinaona azimayi m'madimba akuweramuka n'kumaseka, ena akugwedeza m'chiuno. Atamaliza anapuma, n'kuweramira telefoni imene ndinaigwira, n'kunena kuti, "Ndamaliza, mwanangu. Phulitsani." Anagwira mtengo ndi manja onse awiri, maso atatseka. Mkokomo unabwera, unadutsa, fumbi linakwera kuseri kwa chimulu. Anatsegula maso n'kundifunsa kuti, "Ndi yomweyi basi?" Ndinati ndi yomweyi. Anati ndiye tiyeni, akufuna akaone ngati ndawaphera kabichi kudimba.

Musaganize kuti zonse zinakhala bwino. Mng'alu wa pakhoma uwo ulipobe, fumbi limatikwiyitsa m'chilimwe, ndipo madalaivala a makamiyau timakangana nawo akamathamanga pafupi ndi sikola. Tsiku lina anaphulitsa mochedwa osanena, agogo anu anagona masiku awiri, ndipo atadzuka anapita okha kukawakalipira mpaka shefe anavula chipewa. Sanabwerezenso. Koma chakudya chinayamba kulowa, mapewa anatsika, ndipo kundidzudzula kunabwerera mwakale, ine n'kumathokoza Mulungu chamumtima.

Titakumba mbatatesi mayi anu anabwera ndi galimoto monga ananenera. Pakhonde sanapezepo munthu. Anakawapeza agogo anu kudimba, matope ali m'miyendo, ndipo atawauza za ulendo, anayankha kuti sangachoke chifukwa Lachiwiri ali ndi ntchito, ndipo akandisiyira ine ndiika mudzi wonse m'manda. Rozina anabwerera ndi matumba awiri a mbatatesi pampando umene anakonzera mayi ake.

Komabe mtima wanga sunakhale pansi, chifukwa phukusi lija linali likadali kuseri kwa chitseko. Tsiku lililonse polowa ndinkaliyang'ana, osalikhudza, osalitchula. Mvula inagwa, chimanga chinamera, lili pomwepo. Ndiye tsiku lina ndikuchokera kumunda ndinatsegula chitseko, ndipo chinatseguka mpaka kukhoma, chimene sichinachite miyezi yonseyo. Poto anali pathandala pamodzi ndi anzake, korona ili pamsomali pake.  Ndinangotuluka n'kukakhala pakhola kanthawi, chifukwa maso anali atandivuta.

Chitenje chimene anamangira phukusilo ndi ichi mwaunjikapo mbewuchi. Anandipatsa okha chaka chatha, anati chatha ntchito, ndiziyalapo zobzala.

Taimani, imikani manja. Mwamva? Ngwe-ngwe, ngwe-ngwe. Ndi iwowo, akusinja. Khalani pomwepo, palibe chothawa, kuphiri akudikira agogo anu kuti anene.